Denis Burkitt, dokotala wa diso limodzi amene anaona phindu la madeya

Nthawi ya nkhomaliro ikakwana m'minda ya ku Al Awir, Al Khawaneej, Al Dhaid kapena kutali ku Al Ain, tonse timadziwa zimene zimatuluka m'makontena athu: mpunga woyera mbee, khubz wofewa, kantchafu ka nkhuku yokazinga, kenako tiyi wa karak wothira shuga wosawerengeka. Mimba imakhuta ndithu, ndipo ntchito imayenda. Koma tikakhala patokha amuna okhaokha, kapena amayi akakhala paokha, pamatuluka nkhani zimene sitinena pagulu. Wina watha masiku atatu osachita chimbudzi. Wina mudzi wamuyamba, pomwe kwawo ku Ntcheu sanaudziwepo. Mwana wa uje akungotsegula m'mimba kawirikawiri. Lero tikukumbukira munthu amene anatha zaka makumi awiri zomaliza za moyo wake akulankhula poyera za nkhani zochititsa manyazizi, ndipo nzeru zake zambiri anazitola m'zipatala za kumudzi kwathu kuno ku Africa, kuphatikizapo za m'mbali mwa nyanja ya Malawi.

A Denis Parsons Burkitt anabadwa pa 28 February 1911 m'tauni ya Enniskillen, kumpoto kwa chilumba cha Ireland. Bambo awo, a James Burkitt, anali mkulu woyang'anira misewu ndi milatho m'boma la Fermanagh, koma ntchito ya pamtima pawo inali mbalame. Ankagwira timbalame tina ta pachifuwa pofiira, n'kutiveka timphete kumiyendo kuti azitizindikira kamodzikamodzi, kenako n'kujambula mapu osonyeza kuti kambalame kalikonse kamalamulira dera liti. Ena akanati ndi chibwana cha munthu wamkulu. Komatu mwana anakula akuona bambo ake akuwerenga, kulemba ndi kujambula mapu, ndipo zida zomwezo ndi zimene zinadzamutchukitsa.

Ali ndi zaka 11, anyamata akugendana kusukulu, mwala unaphwanya magalasi ake ndipo diso lakumanja linawonongeka mpaka madokotala analichotsa. Moyo wake wonse anakhala ndi diso lagalasi. M'kalasi sanali wotchuka ndi nzeru. Mu 1929 analowa ku Trinity College mumzinda wa Dublin kukaphunzira za uinjiniya monga bambo ake, koma zinthu sizinamuyendere. Ali komweko chikhulupiriro chake cha Chikhristu chinazama, ndipo anaona kuti maitanidwe ake ndi ochiza anthu. Anasintha n'kuyamba za udokotala, anamaliza mu 1935, ndipo mu 1938 anapambana mayeso a madokotala a opaleshoni ku Edinburgh.

Mtima wawo unali ku Africa. Atafunsira ntchito ku ofesi ya boma la Britain yotumiza madokotala kumayiko a atsamunda, anawakana. Ife amene tinadutsa m'manja mwa ma ejenti ndi mayeso a zaumoyo tisanapatsidwe viza tikudziwa kuwawa kwake kwa kubwezedwa chifukwa cha thupi lako. Kwa iwo chopinga chinali diso limodzi lija. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi imene inatsegula chitseko. Analowa gulu la madokotala a asilikali, mu 1943 anakwatira namwino Olive Rogers, ndipo anatumizidwa ku Kenya, ku Somaliland mpaka ku Ceylon, dziko limene lero ndi Sri Lanka. Nkhondo itatha panalibenso wotsutsa kuti munthu wa diso limodzi angachite opaleshoni. Mu 1946 anafika ku Uganda, kuyambira ku Lira kumpoto kwa dzikolo, kenako n'kusamukira ku chipatala chachikulu cha Mulago mumzinda wa Kampala.

Tsiku lina mu 1957 mnzawo wa pa Mulago, dokotala Hugh Trowell, anawaitana kuti adzaone mnyamata wa zaka zisanu amene nsagwada zake zinali zotupa mbali zonse, m'mwamba ndi m'munsi. A Burkitt anamujambula chithunzi, n'kulemba m'kabuku, ndipo anaganiza kuti ndi zachilendo zongochitika kamodzi. Patangopita milungu yochepa, ali ku chipatala cha ku Jinja, anaona mwana wina wotupa chimodzimodzi. Apa ndi pamene magazi a bambo awo anadzuka. Anafufuza mafayilo akale a chipatala, napeza kuti ana ambiri anamwalirapo ndi zotupa za m'nsagwada, za m'maso ndi za m'mimba zimene madokotala ankaziyesa matenda osiyanasiyana, chikhalirecho inali khansa imodzi. Mu 1958 analemba zimenezi m'magazini ya madokotala a opaleshoni ku Britain. Anthu sanalabadire kwenikweni.

Iwo sanagwe ulesi. Ndi kandalama kochepa anasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana otupawo, n'kutitumiza ku zipatala za boma ndi za mishoni m'mayiko ambiri a mu Africa, kufunsa funso limodzi: kodi ana otere mumawaona kwanuko? Mayankho akabwera ankabaya kapini pa mapu a pakhoma. Mapini aja anapanga lamba wodutsa pakati pa Africa, wokhala ndi mchira wotsikira kum'mawa mpaka ku Mozambique. Mu October 1961 iwo ndi madokotala awiri a mishoni, a Ted Williams ndi a Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale ya Ford kukafufuza malire a lambayo. Kwa milungu khumi anayenda makilomita pafupifupi 16,000 m'misewu ya fumbi, nayendera zipatala zoposa 50, kudutsa ku Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Southern Rhodesia, Mozambique mpaka ku South Africa.

Dziko lathu, limene panthawiyo linkatchedwa Nyasaland, linawathandiza kwambiri kumasula mwambi umenewu. Anapeza kuti khansayi inali yofala m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, koma yosowa kumapiri. Pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, monga ku Uganda, matendawa ankapezeka mpaka pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500. Kwathu ankalekezera pa mamita pafupifupi 900. Kummwera kwenikweni ankangopezeka kugombe la nyanja yamchere. Chimene chinkalamulira chinali kutentha ndi mvula. Kumene kumazizira kwambiri kapena kouma, khansayi inkasowa. Wasayansi wina wa ku Entebbe, a Alexander Haddow, anaona kuti mapu amenewa akufanana ndi mapu a malo okhala udzudzu ndi tizilombo tina touluka. Aliyense wa ku Nkhotakota, Salima kapena Nsanje akanatha kuwauza matenda amene amakonda malo otentha ndi achinyezi: malungo.

Chaka chomwecho, ulendo usanayambe, a Burkitt anakamba nkhani ku chipatala cha Middlesex mumzinda wa London. Mwa omvera munali a Anthony Epstein, amene anapempha kuti azitumiziridwa tizidutswa ta zotupazo pa ndege kuchokera ku Kampala. Mu 1964 a Epstein, pamodzi ndi a Yvonne Barr ndi a Bert Achong, anapezamo kachilombo kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu. Lero zimadziwika kuti kachilomboka pafupifupi tonse tili nako, koma mwa mwana amene malungo amamugwira mobwerezabwereza, chitetezo cha m'thupi chimalephera kukagwira bwino, ndipo mwa ana ena khansa imabuka. A Burkitt anapemphanso mankhwala kwa makampani, ena n'kuwapatsa ulere, ndipo anaona zodabwitsa: zotupa zazikulu zikusungunuka m'masiku ochepa ndi mankhwala monga methotrexate ndi cyclophosphamide, ana ena n'kuchiriratu. Khansayi inapatsidwa dzina lawo. Mpaka lero ili m'gulu la khansa zofala kwambiri mwa ana ku Malawi, ndipo imachizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Tingonenapo apa kwa amene tinasiya ana kumudzi: mwana akatupa nsagwada kapena mimba mofulumira, mano n'kuyamba kugwedera, asachedwe kwa asing'anga. Khansa imeneyi imakula msanga, komanso ikapezeka msanga imamva mankhwala.

Munthu wina akanapumira pamenepa n'kumadya ulemu wake. A Burkitt anabwerera ku England mu 1966 kukagwira ntchito ku bungwe la kafukufuku wa zachipatala la Medical Research Council, ndipo posakhalitsa anakumana ndi dokotala wopuma wa asilikali a pamadzi, a T. L. Cleave. Mkuluyu ambiri ankamuona ngati wotengeka ndi maganizo akeake. Ankanena kuti matenda ambiri a anthu a kumayiko olemera amachokera ku shuga ndi ufa woyeretsedwa kwambiri. A Burkitt atamvetsera anakumbukira zaka 20 zimene anakhala akung'amba mimba za anthu ku Uganda. Apendikisi, imene ku England inali opaleshoni ya tsiku ndi tsiku, kwa anthu a kumudzi ku Uganda ankaiona mwa apo ndi apo. Khansa ya m'matumbo aakulu inali yosowa. Timatumba totupa m'mbali mwa matumbo, timene timavutitsa okalamba a ku Ulaya, sankatiwona n'komwe. Miyala ya mu ndulu, matenda a mtima otseka mitsempha, zonsezi zinali zachilendo. A Trowell, mnzawo wakale uja, amene tsopano anali wansembe wa mpingo wa Anglican, anali atalemba kale mndandanda wa matenda otere osowa pakati pa anthu a mu Africa.

Kusiyana kwawo ndi a Cleave kunali apa: a Burkitt anayang'ana kwambiri chimene chimachotsedwa m'chakudya. Ndipo ife chinthucho timachidziwa bwino kuposa azungu, chifukwa timachichotsa ndi manja athu. Mayi akamakonola chimanga mumtondo kapena kuchigayo, n'kupeta, chimene chimagwa pansi pa lichero ndi madeya, ena amati gaga. Mphale imaviikidwa masiku angapo, kutsukidwa, kuyanikidwa, kenako kugayidwa kukhala ufa woyera. Madeya timapatsa nkhumba ndi nkhuku, kapena kugulitsa kwa ophika kachasu. Ku Britain zomwezi zinachitika ndi tirigu kuyambira cha m'ma 1870 ndi 1880, pamene zigayo zatsopano zachitsulo zinayamba kulekanitsa gaga ndi ufa mosavuta, buledi woyera n'kukhala wa aliyense. Chimene chili m'madeyamo, komanso m'makoko a nyemba, m'masamba, m'zipatso ndi m'mbatata, ndicho madokotala amachitcha fayiba: mbali ya chakudya cha kuzomera imene mimba ndi matumbo aang'ono sizingathe kugaya, moti imafika ku matumbo aakulu ili yathunthu. Panthawiyo mabuku a zakudya ankaiona ngati zinyalala zopanda ntchito. Odwala matumbo ankauzidwa kuti aziipewa.

Tsono a Burkitt anachita monga mwa chizolowezi chawo: kuwerenga ndi kuyeza. Anatumizanso mafunso ku zipatala za mishoni za kumidzi. Kenako anayamba ntchito imene madokotala olemekezeka ankaiseka, yoyeza chimbudzi cha anthu pa sikelo. Pamodzi ndi a Alexander Walker a ku Johannesburg ndi a Neil Painter a ku London, ankamwetsa anthu timipira ting'onoting'ono ta pulasitiki tooneka pa X-ray, n'kuwerenga maola amene tatenga kuti tituluke. Zotsatira zinatuluka mu 1972 m'magazini ya The Lancet. Anthu a kumudzi ku Uganda ankatulutsa chimbudzi chofewa choposa magalamu 400 patsiku, ndipo chakudya chinkadutsa m'thupi mwawo pa tsiku limodzi ndi theka. Anthu a ku England odya buledi woyera, nyama ndi shuga ankatulutsa magalamu ongopitirira 100, cholimba, ndipo chakudya chinkatha masiku atatu kapena kuposa chili m'matumbo. Anthu a mu Africa amene anasamukira m'tauni kapena kusukulu zogonera komweko, n'kuyamba kudya zachizungu, anali pakatikati. Mtundu wa munthu sunali nkhani. Anthu akuda a ku America, amene makolo awo anachokera ku Africa konkuno, ankadwala khansa ya m'matumbo mofanana ndi azungu oyandikana nawo.

Maganizo awo anali osavuta kumva. Chimbudzi chochepa ndi cholimba chimafuna kudzikakamiza, ndipo kukakamizako kumatupitsa mitsempha ya kumalo otulukira, n'kubala mudzi, komanso kumafinya makoma a matumbo. Chimbudzi chokhalitsa chimasiya zoipa zake zikukhudzana ndi khoma la matumbo kwa nthawi yaitali. Iwo ndi a Trowell anasonkhanitsa umboni m'mabuku awiri, la mu 1975 ndi la mu 1981, ndipo mu 1979 a Burkitt analemba buku la anthu wamba limene linagulidwa kwambiri ndi kumasuliridwa m'zilankhulo zingapo. Anayenda dziko lonse akukamba nkhani, atanyamula zithunzi za chimbudzi zimene anajambula m'tchire ndi m'misewu, omvera akuseka chikhakhali koma akumva. Ankakondanso kuonetsa chojambula cha madokotala otanganidwa kukolopa madzi pansi pomwe mpopi wosefukira palibe woutseka. Pofika m'ma 1980, makampani a chakudya cha m'mawa ku America ndi ku Ulaya anali atayamba kulemba za fayiba pa mapaketi awo. Chimene amayi athu amathira m'khola la nkhumba, ku London chinkagulitsidwa m'bokosi lokongola. Tikaganiza, zimaseketsa komanso zimapweteka.

Tisawakweze mopitirira, chifukwa sizonse zimene ananena zinakhazikika. Mndandanda wa matenda amene anawaika pamutu pa kusowa kwa fayiba unali wautali kwambiri, ndipo ena, monga kutupa kwa mitsempha ya m'miyendo, umboni wake ndi wofooka. Anthu a kumudzi amene ankawayerekeza ndi azungu ankasiyana nawo m'zambiri: ankadya nyama pang'ono, ankalima ndi khasu tsiku lonse, sankanenepa, ndipo ambiri ankamwalira asanafike msinkhu umene khansa ya m'matumbo imakonda. Cha m'ma 1999 ndi 2000 kafukufuku wina wamkulu ku America sanapeze chitetezo chimene ankayembekezera, ndipo ena anayamba kunena kuti nkhani ya fayiba yatha. Komabe umboni utachuluka unabwerera kumbali yawo. Mu 2019 The Lancet inasindikiza kuunika kwa kafukufuku wambirimbiri wa zaka pafupifupi 40, ndipo kunaoneka kuti odya fayiba wambiri amadwala mocheperapo matenda a mtima, sitiroko, shuga ndi khansa ya m'matumbo aakulu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya fayiba wosachepera magalamu 25 patsiku, ndi masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400.

Ulemu anaulandira ali moyo. Mu 1972 analandira mphotho ya Lasker ku America ndipo anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society ku London. Anakhalabe munthu wa pemphero ndi wosakonda zapamwamba, wokhala ndi akazi awo ndi ana aakazi atatu. Anamwalira ndi sitiroko pa 23 March 1993 ku Gloucester, ali ndi zaka 82, ndipo anaikidwa m'mudzi wa Bisley m'boma lomwelo.

Chimene sanathe kuchiona bwino, chifukwa zida zake kunalibe, ndi amene amadya fayibayo. Iwo ankamuona makamaka ngati tsache losesa ndi chinkhupule chosunga madzi, ngakhale ankaganizirapo kuti mabakiteriya a m'matumbo ali ndi mbali. Lero tikudziwa kuti m'matumbo aakulu a munthu aliyense muli mabakiteriya mabiliyoni osawerengeka, a mitundu mazanamazana, ndipo ambiri mwa iwo ndi abwenzi. Fayiba ndiye nsima yawo. Akamamuwola, monga momwe chimera chimasasitsira thobwa, amatulutsa timadzi ta asidi, ndipo kamodzi mwa ito, kotchedwa butyrate, ndi chakudya chachikulu cha maselo a khoma la matumbo. Timadzi timeneti timachititsanso kuti m'matumbo mukhale mowawasa pang'ono, malo amene tizilombo toyambitsa matenda monga Salmonella sitikondwera nawo, ndipo timathandiza asilikali a m'thupi kugwira ntchito mwa muyezo. Mabakiteriya abwino akachuluka amadzaza malo ndi kutha chakudya, mlendo woipa n'kusowa pokhala. Mlimi aliyense amadziwa kuti munda wa mbatata ukayanga bwino, udzu umasowa potulukira.

Khoma la matumbo limakutidwa ndi ntchofu, madzi oterera ngati a therere, amene amatchinga tizilombo kuti tisafike pa mnofu. Mu 2016 gulu la asayansi lotsogozedwa ndi a Eric Martens a ku University of Michigan linafalitsa zimene linapeza pa mbewa zoleredwa popanda kachilombo kalikonse m'mimba. Anaziika mitundu 14 ya mabakiteriya a m'matumbo a anthu, zina n'kumazipatsa chakudya cha fayiba wambiri, zina chopanda fayiba. M'mbewa zosowa fayiba, mabakiteriya anjala anatembenukira ku ntchofu ija n'kuyamba kuidya, mpaka inapyapyala. Atazipatsa kachilombo kotsegula m'mimba kotchedwa Citrobacter rodentium, mbewa za ntchofu yopyapyala zinadwala kwambiri, zambiri mpaka kufa, pomwe zodya fayiba zinapirira. Fayiba woyeretsedwa wofanana ndi amene amagulitsidwa m'mabotolo sanateteze ntchofuyo ngati chakudya chenicheni cha kuzomera. Izi ndi mbewa, si anthu, ndiye tisathamange nazo. Koma zikusonyeza njira imene mbale yopanda ndiwo zamasamba ingatsegulire chitseko matenda.

Pa anthu palinso umboni, ndipo wina unachokera kwathu. Mu 2012 magazini ya Nature inafalitsa kafukufuku woyerekeza mabakiteriya a m'matumbo a anthu a kumidzi ya ku Malawi, a kumidzi ya ku Venezuela ndi a m'mizinda ya ku America. Akuluakulu a ku Malawi ndi ku Venezuela anapezeka ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya kuposa a ku America. Chaka chotsatira gulu lomwelo, lotsogozedwa ndi a Jeffrey Gordon, linafalitsa zimene linapeza pa mapasa oposa 300 a ku Malawi: mabakiteriya otengedwa mwa mwana wotupikana ndi kwashiorkor ataikidwa m'mbewa zodya chakudya chosakwanira, mbewazo zinaonda kwambiri kuposa zimene zinalandira a m'bale wake wathanzi. Mu 2015 a Stephen O'Keefe anasinthanitsa chakudya cha anthu 20 akuda a ku Pittsburgh ku America ndi anthu 20 a kumidzi ya KwaZulu-Natal ku South Africa. A ku America anadya phala la chimanga, nyemba ndi masamba. A kumudzi anadya nyama yokazinga, mabaga ndi tchipisi. M'milungu iwiri yokha butyrate anakwera kuposa kawiri mwa a ku America, zizindikiro za kutupa m'matumbo mwawo zinatsika, pomwe mwa a kumudzi aja zinthu zinabwerera chammbuyo. Milungu iwiri basi.

Kafukufuku wotikhudza kwambiri ife a paulendo ndi wa mu 2018, wochitika ku Minnesota pakati pa anthu a mitundu ya Hmong ndi Karen amene anasamuka ku Thailand kupita ku America. Miyezi yochepa atafika, mabakiteriya a kwawo odziwa kugaya fayiba anayamba kuchepa, a mtundu wofala ku America n'kulowa m'malo. Zaka zikamachuluka mitundu imacheperachepera, ndipo mwa ana obadwira komweko inali yochepa koposa. Tikamalongedza chikwama pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka, timanyamulanso katundu ameneyu m'mimba osadziwa, ndipo amatha pang'onopang'ono tikasiya kumudyetsa.

Pena timadandaula kuti kuno zakwathu kulibe. Zilipo ndithu, zangovala mayina ena. M'magolosale a amwenye, toor dal ndi nandolo wathu yemweyo wosenda ndi kuswa pakati, mbewu imene alimi a ku Mulanje, Phalombe ndi Machinga amagulitsa kunja. Ragi ndi mawere, jowar ndi mapira, bajra ndi mchewere, lobia ndi khobwe, rajma ndi nyemba zofiira, chana ndi tchana. Masamba amene Aarabu amawatcha molokhia ndi denje. Bhindi kapena bamia ndi therere lobala. Cheera wa anzathu a ku Kerala ndi bonongwe, ndipo masamba a mtengo wa drumstick ndi chammwamba. Ku msika waukulu wa zipatso ndi masamba wa Al Aweer zambiri mwa izi zimapezeka, ndipo ena a ife timazilima ndi manja athu m'minda ya mabwana n'kuzikweza m'galimoto, madzulo n'kukadya mpunga ndi supu wa nkhuku. Kapu imodzi ya nyemba kapena mphodza zophika ili ndi fayiba woposa magalamu 10, pomwe kapu ya mpunga woyera sifika ngakhale galamu imodzi. Chapati cha ufa wa atta chimasunga gaga wa tirigu. Paratha ndi khubz woyera wa ufa wa maida alibe. Zipatso za kanjedza, zimene nyengo yake ikafika zimachuluka m'mafamu muno, zili ndi fayiba wabwino, kungoti shuga wakenso ndi wambiri, ndiye odwala shuga asamale.

Ndipo tikatumiza ndalama kumudzi, tiganizireponso za mgaiwa. Tinakula tikuuona ngati ufa wa chaka cha njala, wa kusukulu yogonera ndi wa kundende, ndipo mlendo kumuphikira nsima ya mgaiwa kunali ngati kumunyoza. Chikhalirecho ndi umene uli ndi madeya ndi mtima wa chimanga, komanso thumba limodzi limatulutsa ufa wochuluka kuposa likakonoledwa. Chenjezo lake ndi limodzi lalikulu: chimanga chikhale chouma bwino ndi chosankhidwa, chifukwa poizoni wa chuku amakhala kwambiri kukhungu la njere, ndipo kukonola kumamuchepetsa. Chimanga chofumbwa kapena chonunkha chuku sichoyenera mgaiwa. Ngakhale mkute uli ndi ulemu wake, pakuti nsima, mpunga kapena mbatata zikaphikidwa n'kuzizira, mbali ina ya sitalichi wake imasanduka yosagayika ndipo imakadyetsa mabakiteriya aja. Koma kutentha kwa kuno si kwa ku Dedza. Chotsala chilowe mufiriji msanga, ndipo chitenthetsedwe mokwanira chisanadyedwe.

Fayiba salowa m'malo mwa madzi aukhondo, sopo, katemera kapena dokotala. Anthu a kumudzi amene a Burkitt ankawayamikira matumbo awo ankafa ndi kolera, kamwazi ndi taifodi, ndipo kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ambiri mwa iwo odya nyemba ndi masamba. Mwana akatsegula m'mimba, choyamba ndi ORS, kwathu timati thanzi, ndipo chimbudzi chikakhala ndi magazi kapena mwana akafooka, kuchipatala. Kwa khanda, mkaka wa m'mawere wokha kwa miyezi isanu ndi umodzi ndiwo umadzala mabakiteriya oyamba abwino, chifukwa uli ndi mitundu ina ya shuga imene mwana sagaya koma imadyetsa iwowo. Mwana wamng'ono mimba yake ndi yaing'ono, ndiye phala lake lamgaiwa lizikhala ndi nsinjiro, soya, dzira kapena kamafuta, lisangokhala lodzaza mimba. Tisiyenso chizolowezi chogawana makapisozi otsala a mnzathu wa m'chipinda tikangomva chimfine, popeza maantibayotiki amapha abwenzi a m'matumbo pamodzi ndi adani, ndipo kuno malamulo amafuna kalata ya dokotala kuti munthu awagule.

Amene mwakhala nthawi yaitali pa mpunga ndi khubz, musayambe ndi poto wathunthu wa nyemba, chifukwa mpweya wa m'mimba udzakudanitsani ndi anzanu a m'chipinda. Onjezerani pang'onopang'ono kwa milungu iwiri kapena itatu, viikani nyemba usiku wonse n'kutaya madzi ake musanaphike, ndipo muzimwa madzi ambiri, makamaka m'miyezi ya June mpaka September pamene ntchito ya padzuwa imaimitsidwa masana chifukwa cha kutentha. Fayiba wopanda madzi amawonjezera kudzimbidwa. Ndipo mukaona magazi m'chimbudzi, kapena kachitidwe kanu ka chimbudzi kakasintha kwa milungu ingapo mukuonda, musangoti ndi mudzi. Pitani mukapimidwe ndi khadi lanu la inshuwalansi.